Buku la Pafoni ndi Chitengwa Changa

Anzanga inu, mukandiona m'mawa ndikutsetsereka panjinga kuchokera kumapiri a kwa Kaphuka, chipewa chili mpaka m'makutu, musamandiimitsenso n'kumandifunsa kuti, "Kodi a Fabiano, paja munkati chaka chino mukusamuka?" Funso limeneli ndatopa nalo. Lero ndikuuzani zonse bwinobwino, museke kamodzi, zithere pompa.

Ine ndine mkamwini. Zaka khumi ndi chimodzi ndili kwawo kwa mkazi wanga Teleza, mayi a Mphatso. M'mamawa ndimalima kachewere, dzuwa likakwera ndimakhala pakashopu kanga pa Linthipe, kotayipa makalata, kufotokopa ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni. Chimene ndinkachifuna pa moyo wanga chinali chimodzi chokha, chitengwa: kuti akuchikazi andilole kutenga mkazi ndi ana n'kupita nawo kwathu, kuseri kwa Linthipe komweko. Ndipo wonena kuti inde kapena ayi anali munthu mmodzi, amalume ake a Teleza, a Pasikale, mwini mbumba, mphunzitsi wopuma ntchito amene mpaka lero akamakumvetsera amakhala ngati akuchonga mayeso.

Nditawapempha koyamba anandifunsa funso limodzi basi. "Nanga mwana wathuyu azikagona pati?" Ine ndinati nyumba ikumangidwa. Chaka chotsatira ndinati yafika pamawindo. Chaka chinacho ndinati malata akwera. Pofika chaka chatha, nyumba ija inali itangotsala zitseko zokha. Ndikunena ya m'kamwa mwangamu, chifukwa ya pansi yeniyeniyo inali mizere itatu ya njerwa, ndipo inali isanasunthe kuyambira chaka chimene Mphatso anayamba sukulu. Ngakhale Teleza sindinamuuze zoona. Amalume anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino. Tidzakuyankhani tsiku lodalitsa chiliza cha agogo, abale onse ali pompo."

Ndiye munthu ukamadikira yankho lotere umafuna kuoneka wofunika, eti? Mwayi unabwera wokha. Amalume anali ndi makope atatu, olemba pamanja, a mbiri ya mbumba yonse: kumene makolo anachokera, anabereka uje ndi ndani, anapita ku migodi osabwerako ndi ndani. Ankafuna kuti mbiriyo idzawerengedwe tsiku la chiliza, komanso kuti abale a ku Lilongwe ndi a ku Joni akhale nayo. Koma makopewo anali atayamba kufewa ndi chinyezi, lina mphemvu zitadyako m'mbali. Ine, popanda wondifunsa, ndinatsegula pakamwa.

"Amalume, ndikupangirani buku la pafoni."

"Ndiye chiyaninso chimenecho, akamwini?"

"Buku ngati buku lililonse, koma lopanda pepala. Munthu ali ku Joni angotsegula foni n'kumawerenga."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lopanda pepala ndiye si buku. Koma yesani tione."

Ndinayamba ndi chimene ndinkachidziwa, PDF, mtundu wa fayilo umene timatumizira makalata aja. Ndinatayipa tsamba limodzi la kope loyamba iwo ali pomwepo, n'kuwaikira m'foni. Abale, zilembo zinatuluka ngati nyerere. Amalume anakulitsa ndi zala ziwiri, theka la mzere n'kuthawira kumanja. Anakokera kumanzere, chiyambi cha mzere n'kusowa. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, mpaka anaika foni patebulo.

"Akamwini, ine ndikufuna kuwerenga mbiri, osati kupalira."

Ndinabwerera kushopu nditagwa mphwayi. Masiku atatu ndinatha bandulo poonera makanema a anthu ophunzitsa zimenezi, mpaka ndinapeza kuti pali mtundu wina wa fayilo, EPUB, umene mawu ake amadzikonza okha malinga ndi kukula kwa foni. Ukakulitsa zilembo, mizere imangotsika yokha, palibe chothawira kumbali. Ndinati eya, ndi chimenechi. Ndinaika pulogalamu yopangira mabuku otere pa laputopu yanga yokalamba ija, imene imalira ngati chigayo ikangotentha pang'ono.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa tsoka langa linalowera apa. Amalume makope awo sankawatulutsa wamba. Ankabwereketsa limodzilimodzi, ndipo asanakupatse ankayamba aliwerenganso okha kuti akonze zolakwika. Ndiye tsiku limene ndinakhala pansi kuti ndimange chigoba cha bukulo, ndinalibe kope ngakhale limodzi. Koma aphunzitsi a m'makanema aja ankati usanaikemo nkhani yeniyeni, yamba wayesa zinthu zitatu: ndime yaitali, kuti uone ngati mawu akutsika bwino, mndandanda wa manambala, kuti uone ngati wayima mowongoka, ndi chithunzi chokhala ndi mawu pansi pake. Ankati lembamo chilichonse, bola mawu.

Chilichonse. Mawu amenewo ndimawakumbukirabe.

Ndipo m'mawa womwewo n'kuti atangochoka pashopu achimwene anga a Lukasi, amene amagulitsa kabichi pamsika. Analowa makasitomala ali tho, n'kukuwa kuti, "Mkamwini wosapuma ntchito uja alipo? Lero apongozi akupatsani chilolezo chobwera kuno?" Anthu anafa nalo phwete, ine n'kumangomwetulira ngati sizikundikhudza, pamene m'katimu ndinali nditawira. Atangotuluka ndinatsegula mutu watsopano, n'kuutcha kuti "Mutu woyesera," ndipo zala zinayamba kuyenda zokha. Ndinalemba zimene zinali mumtima. Chithunzi ndinangotenga choyamba chimene ndinachipeza m'foni mwanga. Kodi akanaziona ndani? Zinali zofufuta.

Ndipo kuyesa ndiye ndinayesa, musandinamizire ulesi. Pafoni yanga zinatuluka bwino. Ndinakulitsa zilembo mpaka mawu atatu kudzaza galasi, zili bwino. Ndinachepetsa, ndinagoneka foni chammbali, ndinasintha kuti pepala likhale lakuda zilembo zoyera, zonse zili bwino. Kenaka ndinaganiza za mafoni aang'ono, chifukwa kumudzi kwathu kuja ambiri ali ndi otero. Ndinadikira Teleza atapita kudimba, ndinatenga kafoni kake kosweka galasi, n'kuikamo fayilo. Chithunzi chinasefukira, chinangooneka ngodya imodzi ya udzu. Masiku awiri athunthu ndinalimbana nacho chithunzi chimenecho, kuchichepetsa, kuchipeputsa kuti chisamadye bandulo ya anthu, mpaka chinakhala pakati penipeni, chowala bwino, pafoni iliyonse imene ndinaigwira. Ndikamaliza kuyesa ndinkafufuta fayilo m'foni ya Teleza n'kuibwezera pamene anaisiya. Ndinali munthu wosamala kwambiri.

Makope anayamba kubwera. Milungu itatu ndikutayipa, mutu uliwonse watsopano n'kumauika pamwamba pa woyesera uja, iwo n'kumatsika, n'kumatsika, mpaka unakakhala kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mitu isanu ndi itatu ya amalume. Nditamaliza ndinakumbukira ndithu kuti uyenera kuchoka. Ndinatsegula mndandanda wa mitu, uja umakhala koyambirira kwa buku, ndinapeza pamene panalembedwa "Mutu woyesera," n'kufufuta. Ndinaika fayilo m'foni, ndinatsegula, mitu isanu ndi itatu yokha. Ndinadina woyamba, unatseguka. Ndinadina wachinayi, unatseguka. Ndinadina womaliza, unatseguka. Ndinatseka laputopu n'kukagula chipisi.

Chimene sindinkadziwa, ndipo ndikukuuzani kwaulere, n'chakuti m'mabuku amenewa mndandanda wa mitu ndi chinthu china, masamba enieniwo ndi chinthu chinanso. Kufufuta dzina pamndandanda kuli ngati kufufuta munthu m'kaundula wa mphakati wa kutchalitchi, mwini wakeyo atakhalabe pabenchi. Mutu uja unali momwemo, phee, kudikira munthu woti afike kumapeto kwa mutu wachisanu ndi chitatu n'kukankhanso chala kamodzi. Mufunsa kuti bwanji sindinawerenge mpaka kumapeto? Mutu wachisanu ndi chitatu unali maina okhaokha, uje anabereka uje, ndipo ndinawatayipa ndekha mpaka maso kuchita chidima. Inuyo mukanabwerezanso?

Lachisanu ndinatumiza bukulo pagulupu ya banja ya pafoni, pamodzi ndi malangizo a momwe angalitsegulire. Mayankho anagwa ngati mvula. "Mwagwira ntchito, alamu." "Ambuye akudalitseni." Wa ku Joni wina anatumiza timanja towomba mzere wonse. Palibe anadandaula kanthu, ndipo ine ndinati ndiye kuti zonse zili bwino. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti aliyense anangofufuza dzina lake, atalipeza n'kutseka.

Loweruka linafika, tsiku la chiliza, mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuwomba yolowa mpaka m'mafupa. Ntchito ya akamwini patsiku lotere mukuidziwa: kuwaza nkhuni, kusenza mabenchi, kusenda mbuzi, kututa madzi panjinga. Ndinagwira zonsezo ndikuimba mluzu. Titachoka kumanda, kumene akatekisi anatsogolera mapemphero, tinabwerera pabwalo la apongozi anga, mayi ake a Teleza. Abambo anakhala pamabenchi pansi pa mitengo ya bulugama, amayi pamphasa, apongozi pakati pawo. Ine ndinakhala kumapeto, pafupi ndi mulu wa nkhuni, jekete ikununkha utsi.

Kwa amene simunakhalepo pachikamwini, ndifotokoze pang'ono. Ine ndi apongozi anga sitiyandikana. Zaka zonsezi sindinawayang'anepo m'maso, sindinakhalepo nawo mphasa imodzi, sindinawapatsirepo chinthu m'manja. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira m'munda. Ndikakhala ndi mawu ndimauza Teleza, Teleza n'kukawauza, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Si udani ayi, ndi ulemu, ndipo kumudzi kuja amautsatira kwambiri kuposa nthawi ya Misa.

Amalume anaimirira, anakonza tayi, n'kunena kuti mbiri iwerengedwa kuchokera m'foni. "Ndipo ntchito imeneyi waigwira ndi mkamwini wathu, bambo a Mphatso." Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ine ndinadzuka, n'kuwerama pang'ono ngati phungu. Chitengwa ndinkachimva kulemera m'thumba la jekete.

Wowerenga anasankhidwa Anjela, mng'ono wake wa Teleza, mphunzitsi wa pulayimale cha ku Bembeke, mayi wa mawu osafuna chimkuzamawu. Ameneyu ndi mlamu wanga, ndipo chilamu mukuchidziwa, amaloledwa kundinyoza mmene angafunire, ine osakwiya. Popeza apongozi sawerenga komanso khutu limodzi linayamba kulemera, Anjela anakakhala pambali pawo penipeni, phewa ndi phewa.

Mitu inayenda bwino. Zilembo zazikulu, mizere yosathawa, Anjela akungokankha chala. Ena anayamba kuodzera, n'kumadzidzimuka akamva dzina la agogo awo. Mutu wachisanu ndi chitatu unatha ndi mawu a amalume akuti, "Mulungu asunge mbumba yonse." Manja anali atayamba kale kukwera kuti aombe. Koma aphunzitsi ali ndi chizolowezi chotembenuza pepala kuti aone ngati kuseri kuli funso lina. Anjela anakankha chala kamodzi.

"Eee, tadikirani. Kuli wina."

Manja aja anatsika.

"Mutu woyesera," anatero, mawu ali pamwamba. "Ndime yaitali. Ine Fabiano ndikuyesa ngati mawu akutsika bwino pafoni. Kuyesa, kuyesa. Ndatopa. Zaka khumi ndi chimodzi ndikulowa m'chimanga chonyowa ndi mame pothawa apongozi panjira, ngati ndaba nkhuku. Buluku langa labwino linang'ambikira momwemo. Tsiku lina ndinakhala m'chimbudzi theka la ola chifukwa anaima pakhomo akucheza ndi anzawo."

Oodzera aja onse anadzuka.

"Alamu!" ndinakuwa. "Zimenezo si za m'buku!"

"Zili m'buku, alamu," anayankha osadzutsa n'komwe mutu. "Ndikuziona ndi maso angawa. Mwazilemba bwino, zilembo zazikulu."

Mwina mukuti ndikanathamanga n'kukalanda foni. Ndinaganiza zomwezo. Ndinadzuka, ndinaponda kamodzi, kawiri, katatu. Koma foniyo inali pamiyendo ya Anjela, ndipo miyendo ya Anjela inali yogundana ndi ya apongozi. Apongozi ataona mkamwini akubwera molunjika pamphasa pawo, anakoka chitenje n'kufunda kumutu, amayi onse n'kunena pamodzi kuti, "Iii, akamwini!" Ndinaima pakati pa bwalo, kutsogolo kosapitika, kumbuyo kochititsa manyazi. Ndinayang'ana Teleza kuti andithandize. Teleza anali akuyang'anitsitsa beseni lopanda kanthu ngati muli nkhani.

"Buku silisiyidwa panjira," anatero amalume. "Pitirizani, aphunzitsi."

Ndipo ngakhale ndikanailanda foniyo zikanathandiza chiyani? Nditatembenuka ndinaona pamabenchi onse anthu atulutsa mafoni awo, zala zikukankha mothamanga kupyola mitu isanu ndi itatu ija. Pa tsiku limenelo mbumba yonse inaphunzira kugwiritsa ntchito buku la pafoni m'mphindi imodzi, popanda malangizo anga.

"Mndandanda woyesera," anapitiriza Anjela. "Zinthu zimene ndazipirira pamudzi pano. Nambala wani: thobwa la apongozi. Ndi lowawasa moti mano amachita dzanzi. Ndimalandira ndi manja awiri, ndimathokoza kudzera mwa Teleza, kenaka ndimakalithira pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba."

Kenaka kuchokera m'chitenje muja munatuluka mawu a apongozi, osalankhula ndi ine ayi, kulankhula ndi mphasa.

"Ndimadabwatu ine, mtengo umodzi wokha kumabereka chonchija."

Bwalo linaphulika. Akatekisi anachita kugwira benchi.

"Nambala thuu: nkhani ya amalume ya momwe anapambanira mayeso a uphunzitsi ali ndi malungo. Chaka chilichonse malungowo amakula." Amalume anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kuvalanso. "Nambala firii: mlamu wanga Anjela, amene akayamba kulankhula akhwangwala amasamuka m'mitengo." Apa Anjela anaima kaye, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwina akumbuyo simunamve," n'kubwerezanso mokweza kwambiri. Mndandandawo, ndiyenera kunena, unayima mowongoka bwinobwino.

Ine n'kuti thukuta lili kamukamu, mphepo yonse ija osaimvanso. Ndinkayesa kukumbukira kuti chotsatira n'chiyani, ndipo nditakumbukira ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Pali chithunzi," anatero Anjela. "Pansi pake palembedwa kuti: Nyumba yanga ya ku Linthipe, yangotsala zitseko zokha."

Chithunzi chimene ndinachivutikira masiku awiri chija chinatuluka monga ndinachikonzera, pakati penipeni, chowala, pafoni yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Mizere itatu ya njerwa. Udzu wofika m'chiuno. Mbuzi ziwiri zitagona pamene pakanakhala chipinda chogona.

Apa palibe anaseka. Ndipo apa ndi pamene ndinachita manyazi enieni, osati a thobwa aja. Amenewo anali manyazi oti mawa uwaiwala. Awa anali a munthu amene wanamiza mkazi wake zaka zinayi, n'kudzamuyalutsa pamaso pa abale ake onse, tsiku la chiliza cha agogo ake. Sindinathe kumuyang'ana Teleza. Ndinangoti chilili, maso ali pansapato.

Amalume anatenga foni yawo, anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mbuzi yoyerayi," anatero, "ndi ija tinagulitsa kwa achimwene anu chaka chatha. Yanenepa."

Ine ndinadzutsa maso kuchoka pansapato.

"Za nyumbazi musavutike nazo, akamwini. Tsiku lokapereka mbuziyo tinapita ine ndi Teleza, tinaiona nyumbayo ndi maso athu. Tinalowamonso, podumpha khoma. Tinangoti tikusiyeni, tione kuti mudzatiuza liti kuti mwapaka penti."

Apa anthu anayambanso kupuma. Amalume anakweza dzanja kuti kukhale bata, n'kuyang'ana kumene kunali alongo awo, apongozi anga aja.

"Dzana ine ndi alongo anga tinakhala pansi. Tinati munthu uyu wakhala nafe zaka khumi ndi chimodzi, sanakwezepo dzanja pa mwana wathu, pamaliro amakhala woyamba kufika ndi khasu, bodza lake ndi limodzi lokha ndipo tikulidziwa. Tinagwirizana kuti lero timupatse chitengwa. Njerwa tikamuthandiza kuumba tokha, abale tilipo ambiri."

Ndinayamba kupinda bondo kuti ndigwade ndithokoze. Zaka khumi ndi chimodzi! Ndinali nditayamba kale kuona nkhope ya achimwene Lolemba m'mawa. Bondo lisanafike pansi, ndinamva mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimasiya kudya.

"Amalume, pepani," anatero Anjela. "Kwatsala ndime imodzi."

Ndinali nditaiwaliratu. Paja chithunzi chitakhala bwino, ndinafuna kuona ngati mawu obwera pansi pake sakugundana nacho, ndiye ndinawonjezera ndime ina. Imeneyo ndinailemba tsiku lina, mkwiyo utatha, ndili ndekha m'shopu kukugwa mvula yowaza.

Anjela anayamba mwachipongwe monga kale, koma atafika pakati mawu anatsika okha.

"Kuyesa ndime yomaliza. Koma kunena zoona, ine kwathu sindikufunako. Bambo ndi mayi anapita kale, kwatsala achimwene ndi pakamwa pawo. Kuno ana anga ali ndi anzawo. Kuno nditadwala chibayo, apongozi ankatumiza phala m'mawa uliwonse mwezi wathunthu, ndipo ankaima kuseri kwa nyumba kumvetsera ngati ndikutsokomolabe, akuganiza kuti sindikudziwa. Njerwa sizikukwera chifukwa mtima sukufuna. Chitengwa ndikuchifunira kuti achimwene atseke pakamwa basi. Akadzandilola sindikudziwa kuti ndidzatani. Kuyesa, kuyesa."

Anakankhanso chala. Foni inakana. Buku linali litatha.

Ine ndinali chigwadire theka, bondo limodzi m'mwamba, lina pafupi ndi dothi, osadziwa kuti nditsirize kugwada kapena ndidzuke. Apongozi anamina m'chitenje. Amayi awiri atatu anachitanso chimodzimodzi. Amalume anaika foni m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Abale, mwamva nokha," anatero. "Ife sitinayambe tathamangitsapo munthu amene walemba yekha, m'buku la mbumba, kuti sakufuna kupita. Nkhani ya chitengwa yatha. Tiyeni tidye."

"Koma amalume," ndinatero ndi mawu a mwana wa nkhuku, "zinali zoyesera chabe."

"Mwayesa, akamwini, ndipo zatheka."

Chakudya chisanabwere ndinaona apongozi akunong'oneza Teleza. Teleza anadzuka, anadutsa bwalo lonse anthu akumuyang'ana, anadzagwada pambali panga monga mwa mwambo, n'kupereka uthengawo mokweza kuti aliyense amve.

"Amayi akuti munda wa kudambo uja, umene wagonera zaka zitatu, ndi wanu kuyambira lero. Akuti popeza simukupita kulikonse, muyambe kusosa Lolemba."

Munda umenewo, kwa amene simunauone, tsekera lake limabisa munthu wokwera njinga. Ndinathokoza kudzera mwa Teleza.

Madzulo tikubweza mabenchi kutchalitchi, Teleza kutsogolo ine kumbuyo, benchi lili pakati, nkhani ndinaiyamba ndine.

"Mayi a Mphatso, ndiye munkadziwa chaka chonsechi?"

"Ndinkadziwa za njerwa. Zinazo ndamvera limodzi ndi anthu." Anasintha dzanja pabenchi. "Mukanangondiuza, bambo a Mphatso. Inenso kwanuko sindimakufuna. Ndimangovomera poona kuti mwalimbikira."

"Ndinkaopa kuti mundiseka."

"Ndikanaseka ndekha, m'nyumba, chitseko chili chotseka. Pano akuseka ndi a ku Joni omwe."

Ndipo chochititsa manyazi kwambiri pa nkhani yonseyi n'chakuti pamene tinkatula benchi lija, mtima wanga unali utapepuka kuposa tsiku lililonse pa zaka zinayi zimenezo. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinkachipempha pa moyo wanga anandipatsa m'manja, ndinachibweza ndekha ndi ndime imodzi, ndipo ndinapita kunyumba ndili wokondwa. Munthu wotere mumuthandiza bwanji?

Mabuku a pafoni ndikupangabe, akwaya ndi a sukulu amabwera nawo. Koma ndinalumbira. Buku lililonse ndimakankha chala tsamba ndi tsamba mpaka foni itakana, kenaka ndimakankhanso kawiri. Ndipo ndikafuna mawu oyesera, ndimatenga thumba la feteleza n'kukopera malangizo a kuseri kwake, liwu ndi liwu. Zamumtima ayi, sindidzayeseranso. Zimatuluka bwino kwambiri pafoni iliyonse.